Ukakhala Pansi ku Chilumbako, Pinda Miyendo

Woolwich, Lachinayi masana

Tiyamike mwana wanga,

Unati ndikulembere malangizo a ulendo pafoni, timizere tiwiri titatu basi, "short and sweet, Mum". Timizere! Ine amene ndinakhala pa yunivesite mpaka tsitsi linayamba kuthothoka, ine amene ndimawerenga zolemba za madokotala zimene eni ake omwe sangathe kuziwerenga, ndikulembere timizere ngati ndikuitanitsa tomato? Ayi. Ulandira kalata, yapapepala, ya m'Chichewa, ndipo uiwerenga mu ndege pang'onopang'ono, milomo ikugwedera monga umachitira ukamalimbana ndi chilankhulo cha amako. Ku Sri Lanka n'kutali. Nthawi uli nayo.

Ndikudziwa kuti sukundilankhula bwinobwino kuyambira Lamlungu. Arun anabwera kudzadya nafe, ine ndinapakula, ndinaika chakudya patebulo, kenako ndinatenga mbale yanga n'kukadyera kukhitchini, monga ndakhala ndikuchitira miyezi yonseyi iye akabwera. Atapita unandipeza ndikutsuka, n'kundiimira pakhomo manja ali m'chiuno ngati wapolisi wa pamsewu. Unati, "Mum, just say it. Simukumufuna." Unandiuzanso zimene mnyamatayo wanena: kuti sangakutengere kwa agogo ake ku Jaffna kukakuonetsa ngati mkazi amene akufuna kumanga naye banja, pamene amako sangathe n'kukhala naye patebulo limodzi. Akuti mungokasamba m'nyanja, kuona akachisi ngati alendo ena onse, kubwerako, kenako aliyense alowere kwake. Ine ndinangopitiriza kupukuta mphika umene unali utauma kale. Yankho ndili nalo, ndipo lili m'kalata muno. Koma unapempha malangizo a ulendo, ndiye uyamba walandira amenewo. Usadumphe masamba. Ndimakudziwa.

Ufulu wokulangiza ndili nawo, chifukwa mchenga wa chilumba chimenecho ndinauponda iwe usanadziwe n'komwe kuti padziko pali munthu wotchedwa Arun. Ukukumbuka chaka chija unali ku koleji, Selvi mnzanga wa ku famase ya chipatala ku Romford anatiitanira ukwati wa mwana wake kwawo, ine ndi abambo ako tinapita. Selvi yemweyo, azakhali ake a mnyamata wakoyo. Ndinadziputira ndekha. Ndikanadziwa kuti mayi ameneyu akusunga mwana wa mchimwene wake ku Wembley, wa maso ofatsa ngati a thole, ndikanamuuza kuti ndinabereka anyamata okhaokha.

Pamene ndikulemba pano kunja kukuwaza kamvula kaja ka London kosadziwa chimene kakufuna, mtsinje uli mbuu ngati madzi otsukira mpunga. Koma ndikangotsinzina ndili kumeneko. Limayamba kubwera ndi fungo: mchere, maluwa oyera ogwa okha m'mitengo, mafuta a kokonati akupsa m'tinyale tadothi. Kenako mphepo, yofunda ngati mpweya wa mwana wogona kumsana. Ukatsika ndege magalasi ako adzachita nthunzi, malaya adzakumata, udzaona ngati walowa m'bafa mmene wina wangosambamo kumene. Usadandaule. Thupi lako linapangidwira nyengo yotere, langoiwala chifukwa cha majuzi.

Kunyanja uzipita m'mamawa, Tiya, dzuwa lisanakwiye. Ine tsiku loyamba ndinagona mpaka tiyi anazizira, ngati kuti ndinawoloka nyanja zonsezo kudzaona pilo. Tsiku lotsatira tulo tinandithawa kusanache, ndinatuluka ndekha. Nyanja ndi thambo zinali zisanagawane malire. Ngalawa za asodzi zinkaoneka ngati zapachikidwa m'mwamba popanda chingwe, tinkhanu ting'onoting'ono tikuthamanga chammbali kuthawa mapazi anga, madzi akubwera kudzandinyambita zala n'kubwerera ngati mwana wamanyazi. Ndinaima pamenepo, ine mwana wa ku Katete, wa dziko lopanda nyanja yamchere, ndipo ndinaiwala kuti ndili ndi mashifiti, msana wopweteka ndi mwana wamwano ku koleji. Usadzaphonye zimenezi chifukwa cha tulo. Tulo tilipo kuno, tidzakudikira.

Dzuwa likakwera dzola mafuta oteteza khungu, ndipo usamvere aliyense wokuuza kuti anthu akuda sapsa. Amene anandinamiza ine ndi abambo ako. "Amake Tiya, ife tinabadwira padzuwa, mafuta amenewo ndi a azungu." Ine, wa ku famase, wogawa mafuta omwewo tsiku ndi tsiku, ndinamvera katswiri wa mawaya a sitima. Pofika tsiku la ukwati mapewa anga anali akufundula ngati njoka, iwo dazi lili psuu, akugona chokhala chifukwa pilo ankawawawa. Dzola. Kumbuyo kwa khosi, nsonga za makutu, pamwamba pa mapazi. Ukatuluka m'madzi dzolanso.

Kansalu kaja wagula koti n'kosambira ndakaona pawaya. Poyamba ndimayesa n'kopukutira magalasi. Pamchenga vala, thupi ndi lako ndipo ndinalipanga bwino, koma ukangochoka pamchenga kulowa mumsewu, funda. Ine ndinalowa m'sitolo ya m'mudzi ndi zosambira, thaulo paphewa, ndikudontha madzi. Mwini sitolo, bambo wachikulire, anandigulitsa sopo akuyang'ana kudenga kuyambira pamene ndinalowa mpaka ndinatuluka, ngati akuwerenga malata. Ndimamumverabe chisoni khosi lake.

Tsopano imva bwino, chifukwa apa sindikuseka. Nyanja imeneyo si dziwe la kuno limene unaphunziramo kusambira uli ndi timapilo m'mikono. Ukaona mafunde akusweka kumanja ndi kumanzere, koma pakati pali kanjira ka madzi odekha, akuda pang'ono, okongola ngati akukukodola, usalowe pamenepo. Ndi pamene madzi onse amabwererera m'kati. Ine ndinasankha pomwepo, poyesa ndachenjera. Ndinangoona abambo ako pagombe akucheperachepera, akukupiza thaulo m'mwamba. Ndinayesa kubwerera, mikono inalema msanga. Ndiye ndinasiya kulimbana nawo madziwo, ndinagona chagada. Tiya, sindinaonepo thambo lalikulu chonchija. Makutu ali m'madzi phokoso lonse linatha, kunangotsala kugunda kwa mtima wanga ndi mbalame imodzi yoyera ikuyandama pamwamba panga, ngati nayonso yatengedwa ndi madzi akeake. Mphamvu ya madziwo inatha yokha. Ndinasambira chammbali motsata gombe, mafunde anandinyamula n'kukandilavula patali pafupi ndi ngalawa, mchenga uli m'kamwa, m'makutu ndi kwina kumene sindingalembe. Abambo ako anafika akuthamanga, misozi ili mbwembwembwe, n'kuyamba kundikalipira. Ukatengedwa, usalimbane. Yandama, kweza dzanja, pita chammbali. Koma koposa zonse usatengedwe. Samba pamene pakusamba eni dziko, ndipo mbendera yofiira ikakhala pamtengo khala pamchenga. Ukumva, Tiya?

Pamchengapo uzimwa madzi a kokonati. Wa kumeneko ndi wachikasu ngati papaya wakupsa, amakudulira pomwepo ndi chikwanje. Madzi ena akhale a m'botolo lotseka, a pampopi uwasiye. Mpunga udzadya ndi dzanja, lamanja, ndipo pamenepo usachite manyazi, ndi ntchito imene manja athu amaidziwa, ine anachita kundiombera m'manja. Koma akakufunsa ngati umadya tsabola, usadzitame. Ine ndinati kwathu timatafuna kambuzi ngati mtedza. Ndinalira misozi pamaso pa akuchimuna onse, mphuno ikuchucha, munthu wa madigiri. Udzudzu wawo umaluma ndi masana omwe, suli ngati wa kwathu wodikira mdima, ndiye mankhwala odzola amene ndakuikira m'thumba la kumbali kwa sutikesi uzidzola. Si zokongoletsera.

Za akachisi tsopano. Amayi a kutchalitchi andiimbira kale foni, mawu ali pansipansi ngati kwagwa maliro. "Amake Tiya, mwamuloladi mwana akalowe m'nyumba za mafano?" Ndawayankha kuti iwo omwewo amakajambulitsa pachipata cha nyumba yachifumu ya kuno chaka ndi chaka, koma palibe amene anabwerako ali mfumukazi. Kulowa m'nyumba ya mnzako si kusintha bambo. Mulungu wako ukumudziwa, ndinakunyamula ndekha kukakubatizitsa uku ukukuwa. Lowa ngati mlendo woleredwa. Akakupatsa phulusa lopaka pamphumi zili kwa iwe. Ukafuna, landira ndi dzanja lamanja. Ukapanda kufuna, ika dzanja pachifuwa, weramitsa mutu pang'ono, palibe adzakuthamangitse.

Mapewa ndi mabondo zibisike. Uziyenda ndi chitenje m'chikwama kulikonse, koma uyambe wachitambasula n'kuona chimene chajambulidwapo. Ine ndinafika pachipata cha kachisi wina nditavala siketi yolekeza pamwamba pa mabondo, inde, amako ali nayo miyendo, usadabwe, mlonda n'kundiloza mabondowo. Ndinapisa m'chikwama n'kusolola chitenje chimene ndinakulungira nsapato pochoka kuno. Nditamanga ndinamva abambo ako akutsamwa kumbuyo kwanga. Chinali cha chipani, cha mtsogoleri wina amene analuza chisankho iwe usanabadwe, ndipo nkhope yake yonse, mano ali pamtunda, inakhala ndendende pamatako panga. Ndinazungulira kachisi yense, aliyense atavala zoyera, ine ndikuyenda ndi bambo womwetulira kumbuyo. Mayi wina anawafunsa abambo ako mwaulemu ngati ameneyo ndi woyera mtima wa kwathu. Iwo anati, "Mwiniwake ankaganiza choncho." Ndakuikira zitenje ziwiri, choyera ndi cha maluwa abuluu. Zonse zilibe nkhope ya munthu.

Nsapato umavula pachipata, chipewa chimodzimodzi. Zimenezi aliyense adzakuuza. Chimene sadzakuuza n'choti miyala ya pabwalo masana imatentha ngati chiwaya. Abambo ako, amene paukwati wathu womwe anakana kuvina ati ndi munthu wa mpingo, anavina pabwalo la kachisi, mwendo uku mwendo uku, kuthamangira kamthunzi ka mtengo, ana asukulu akuwaombera m'manja. Ine sindinavine. Ndinayenda mwaulemu ngati munthu wophunzira, ndipo tsiku limenelo linathera mapazi anga ali m'beseni. Tenga sokosi zokhuthala, sokosi amalola. Ndipo kumpoto, kwawo kwa Arun, amuna amavula malaya polowa m'kachisi wa Ahindu. Uwachenjezeretu maso ako. Ine ndinaona mimba ya abambo ako ikulowa m'malo opatulika eni ake asanafike.

Pojambula usafulatire chifanizo cha Buda kuti nkhope yako ndi yake zilowe m'chithunzi chimodzi. Ana a masiku ano simuona chinthu musanachipatse msana. Ima chammbali, kapena bweza foni m'thumba, maso nawonso amasunga. Ansembe ovala nsalu zachikasu usawapatse chanza, usakhale nawo mpando umodzi m'basi. Poyenda mozungulira, malo opatulikawo akhale kudzanja lako lamanja, ungotsata kumene anthu akulowera. Ndipo anyani a pamakwerero usawaone kufatsa nkhope. Ine ndinagula maluwa oti ndikaike monga anzanga ankachitira, ndinawanyamula m'mwamba monyadira ngati mkwatibwi. Nyani anatsika, anandiyang'ana m'maso, analanda, n'kukakhala pakhoma kumadya limodzilimodzi uku akundiyang'anabe. Maluwa ubise m'chitenje. Magalasi ugwire. Sokosi, Tiya, usaiwale sokosi.

Koma cholakwa chimene ndikufuna uchimvetsetse ndi chotsatirachi, ndiye ngati akubwera ndi chakudya mu ndegemo, auze adikire.

Tsiku lina chakumadzulo Selvi anatitengera ku kachisi wa Abuda pamwamba pa phiri. Mwezi unali wathunthu, ndipo kumeneko mwezi ukakhwima anthu sapita kuntchito, amavala zoyera n'kukwera kukapemphera. Tinyale tadothi tinali ponseponse, m'makoma, m'makwerero, ngati nyenyezi zatsika kudzapuma. Pabwalo panali mtengo waukulu wa masamba onga mitima, ogwedera ngakhale popanda mphepo. Ng'oma inkalira chapatali, anthu akuimba motsitsa mawu amodzimodzi mpaka sunkadziwanso ngati akuchokera m'kamwa mwawo kapena m'nthaka. Selvi ndi abambo ako anatsalira panja, ine ndinalowa ndekha. M'katimo munali chifanizo chachikulu chogona chammbali, mutu padzanja, maso otseka theka, ngati munthu amene wamva nkhani zonse za padziko ndipo palibe imene yamudabwitsa. Ndinachita manyazi kuima chilili ngati mzungu wa kamera eni ake ali pansi. Ndinati ndiwaonetse anthu awa kuti nafenso kwathu tinaleredwa. Ndinakhala pansi monga mkazi wa ku Katete amakhalira pamaso pa akuluakulu: msana wowongoka, miyendo yotambasula bwino kutsogolo, chitenje chokokera mpaka kumapazi, manja pamiyendo. Amayi anga akanandiona akanalira ndi chimwemwe.

Anthu anayamba kundiyang'ana cham'mphepete mwa diso. Mayi amene anali kumanja kwanga anasendera uko. Wa kumanzere anakoka mwana wake. Mumtima ndinati, ehe, zayambika, ndi khungu langali. Ndinayamba kusanja mawu a Chingerezi chapamwamba oti ndikamuuze Selvi za anthu a m'dziko lake. Ndiye kunabwera mayi wina wa msinkhu wanga, wa magalasi ngati ine, chikwama m'khwapa, anakhala pafupi nane mpaka phewa lake kukhudza langa. Anandigwira bondo, anapinda miyendo yake chammbali, mapazi kumbuyo, n'kundiyang'ana. Ndinayang'ana mapazi anga. Zidendene ziwiri zong'aluka, zafumbi, zitaloza ndendende kunkhope ya amene anthu onsewo anakwera phiri kudzamulemekeza. Kumeneko phazi ndi chonyozeka kuposa ziwalo zonse, ndipo kuloza nalo munthu ndi kumutukwana. Ulemu wonse umene amayi anga anandiphunzitsa, m'nyumba imeneyo unali chipongwe. Ndinapinda miyendo. Mayiyo anatenga duwa limodzi pa maluwa ake n'kundiika m'manja, ndipo tinakhala choncho mpaka tinyale tina tinayamba kuzima, ine osadziwa dzina lake, iye osadziwa langa. Ukakhala pansi, Tiya, pinda miyendo. Mapazi kumbuyo.

Tsopano za kukhitchini.

Iwe unabadwira kuno, ndipo ine ndimaiwala. Kwathu mkazi sadya ndi mkamwini wake. Samuyang'ana kumaso, samutchula dzina pamaso pake, sakhala naye mphasa imodzi. Agogo ako, amayi anga, akakumana ndi abambo ako panjira ya kudimba ankapatuka, kulowa m'munda, kugwada atafulatira, moni n'kumaperekera kumeneko ngati akulankhula ndi phesi. Abambo ako ankafika kunyumba chifuwa chili patsogolo, ati, "Lero apongozi andithawira m'chimanga." Sichinali chidani. Munthu wamba sathawidwa. Wothawidwa ndi uja wapatsidwa malo m'banja, malo olemera moti sungaseke naye ngati mnzako wa kumsika.

Takumbukira bwino. Mnyamata uja wa njinga yamoto, wa ndolo kukhutu, amene unabwera naye uli ku koleji, ndinadya naye kapena ayi? Ndinadya naye, ndinamuseka tsitsi, ndinamutuma kukataya zinyalala. Ndinkadziwa kuti ndi mphepo yodutsa. Arun nayenso masiku oyamba ndinkadya naye, ndinamufunsa mafunso mpaka mpunga unamuuma kukhosi. Kenako linafika tsiku lija abambo ako anatuluka m'chipatala atawachita opaleshoni ya bondo, lifiti ya m'nyumba zathu zino itafa monga mwa masiku onse. Iwe unali kuntchito. Mnyamatayo anachoka ku Wembley osaitanidwa, anawabereka abambo ako kumsana makwerero onse aja mpaka pakhomo, anawakhazika pampando, anawavula nsapato, n'kufunsa ngati m'nyumba muli tiyi. Ndinapita kukhitchini kukatereka madzi. Nditafuna kubwerera, ndinalekeza pakhomo. Ndinaima kuseri kwa chitseko thireyi ili m'manja, ndipo ndinawamva amayi anga ali m'mafupa mwangamu, akuti, ameneyo si mlendonso, usamuyang'ane. Ndinaika thireyi pansi pakhomo n'kugogoda. Kuyambira tsiku limenelo sindinadye nayenso.

Ndiye taona mlandu wanga. Ine ndamupatsa mwana wa eni ulemu waukulu kuposa wonse umene ndili nawo, ulemu umene sanaupemphe, ankhoswe asanabwere, nkhuku ngakhale imodzi isanafe, ndipo mphotho yanga ndi kuimiridwa pakhomo ndi mwana wobala ndekha, kundilankhula Chingerezi cha m'mphuno. Nanga abambo ako! Munthu wodziwa zonsezi, wothawidwapo yekha m'chimanga, amakhala patebulopo kumaswa mafupa osatsegula pakamwa. Ndawafunsa m'mawa uno. Ati, "Ine ndimayesa akudziwa." Inenso ndimayesa ukudziwa. Zinthu izi kwathu sizinenedwa, mwana amangoziona. Koma iwe ukanazionera kuti, m'sitima ya DLR? Miyezi yonseyi ndatambasula miyendo yanga mwaulemu, mapazi ataloza kunkhope ya mwana wa eni, ndipo iye wakhala akungobwerabe, kumangobweretsabe nsomba zake zokazinga m'kontena.

Lamlungu lija sindinakuyankhe chifukwa cha mwambo womwewo. Mkazi sakamba za mkamwini wake maso ndi maso, mbale zili m'manja. Papepala n'kosavuta, pepala silindiyang'ana.

Pitani ku Jaffna. Mukabwera kuno musanafike kumeneko ndidzakubwezani pa eyapoti pomwepo. Mukwere sitima, ndipo iwe ukhale kuwindo. Imanyamuka m'tauni mwaphokoso, kenako minda ya mpunga imayamba, yobiriwira moti maso amawawa, akakowa ataima m'madzi ngati akudikira wina. Udzagona, udzadzuka, udzapeza dziko lasintha, lauma, lafiira, mitengo yaitali yopanda nthambi itaima patalipatali ndi zipewa zake za masamba. Pamenepo ine ndinayesa ndikulota kwathu. Kenako sitima imayenda madzi uku madzi uku, thambo lili pansi ndi pamwamba, ndipo sudziwa ngati ukupita kapena ukubwerera.

Ukafika kwa agogo ake vula nsapato panja. Uvale chitenje cha maluwa, choyeracho n'cha kukachisi. Arun akawerama kukhudza mapazi awo, iwe gwada monga ndinakuphunzitsa, mabondo onse awiri pansi, osati kuja umachita ngati ukutola chipesa. Chimene adzakupatse landira ndi manja awiri. Akakudyetsa idya, akakuwonjezera idyanso. Akakhala chete osakuyang'ana, kapena akachita china chimene chidzakuwawe, usathamangire kusanja Chingerezi monga amako paphiri paja. Yamba wafunsa kuti kwawo zimenezo ndi chiyani.

Ndipo umuuze mnyamatayo kuti kuthawana kumeneku kuli ndi pothera, koma sikutha kokha. Kwathu mkamwini amapereka kanthu kwa amayi a mkazi wake, ndipo kuyambira pamenepo amatha kukhala pamodzi, kudya, ngakhale kuseka. Ikanakhala nkhuku yamoyo, koma sindikufuna kukuonani pa TV mutagwidwa nayo pa eyapoti. Abwere ndi tiyi wa kumapiri kwawoko, osati wa pa eyapoti, ndipo asankhe ndi agogo ake. Asandipatse m'manja. Aike pansi pakhomo la khitchini n'kubwerera m'mbuyo. Ndidzatola, ndidzaphika, ndidzabwera naye patebulo, ndidzakoka mpando, ndipo adzanong'oneza bondo, chifukwa mafunso amene ndasunga miyezi yonseyi sakwana m'tsiku limodzi. Za ankhoswe tidzakamba mukabwera. Amalume ako ku Romford akonzeretu jekete.

Mawa m'mamawa akabwera kudzakutenga ndidzakhala kukhitchini, chitseko chotseka theka. Iwe udzakhala ukukoka sutikesi nkhope ili gwa, osandiyang'ana. Iye adzaima pakhomo n'kunena kuti, "Goodbye, Auntie," monga amachitira, kulankhula ndi chitseko. Ine ndidzayankha kuti, "Muyende bwino, apongozi." Pamene ukuwerenga pano mawu amenewo wawamva kale, ndipo sunawalabadire, unali kufunafuna pasipoti. Sindinamuitanepo mnyamata wako aliyense choncho. Ndi mmene ine ndi iye tidzaitanirana mpaka mmodzi wa ife adzaperekeze mnzake kumanda.

Ali pambali pakopo, mutu watsamira pawindo. Pansi panu pali mitambo yokhayokha, ndipo kutsogolo kwinakwake nyanja ikuyamba kuyera. Ngati wagona, mudzutse. Umuuze.

Ndine amako,
Amake Tiya